Kajambulidwe ka Mlalang'amba kuseri kwa nyumba mtauni, olo mababu a aneba ali ngwee

Mukauza munthu kuti mumajambula nyenyezi muli pakhomo ku Chilomoni kapena ku Area 25 amangoseka, eti nyenyezi zake ziti ndi mababu onsewa. Ndipo sakunama kwenikweni, mtauni ukakweza maso umangoona zowala kwambiri zowerengeka basi, thambo lonse lili lotuwa. Koma kamera imatha kusonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali, diso lathu silingathe zimenezo, nde mukaipatsa nthawi yokwanira imatulutsa zinthu zoti inu mwaima pomwepo simukuziona. Mtauni chomwe chimagwira ntchito ndi kujambula zithunzi zambirimbiri zazifupi za malo amodzimodzi a thambo kenako n'kuziphatikiza pa kompyuta. Telesikopu sikufunika, zida zonse zimakwana m'chikwama chimodzi chakumsana kupatula tripod.

Musanadandaule za magetsi dziwani kaye kuti ife kuno tili ndi mwayi womwe anthu ambiri opanga mavidiyo a pa YouTube aja alibe. Pakatikati pa Mlalang'amba, mbali yowala kwambiri ija yomwe ili cha ku magulu a nyenyezi otchedwa Sagittarius ndi Scorpius, kuno imadutsa pafupifupi paliwombo. Ku Blantyre imakwera mpaka madigiri 77 kuchokera pansi, ku Lilongwe cha m'ma 75, ku Lusaka ndi ku Chipata ndi chimodzimodzi. Mnzathu amene ali ku London mbali yomweyo amaiona itangokwera madigiri osakwana 10, ili m'mwamba mwa madenga, komanso miyezi yakeyo kwawoko usiku sikuda bwino. Izi ndi zofunika chifukwa kuwala kwa tauni kumachuluka m'munsi, pafupi ndi madenga ndi mapiri, pomwe pamutu ndi pomwe pamakhala mdima wabwinoko. Nde chinthu chomwe tikufunacho chimapita chokha pamalo abwino a thambo, ife kwathu ndi kudikira nthawi yake basi.

Zida zake izi. Kamera iliyonse ya DSLR kapena mirrorless yomwe ili ndi M (manual, kuti muzitchera nokha) pa kagudumu kake komanso imasunga RAW (chithunzi chosunga zonse zomwe kamera yagwira), olo yogwirapo kale ntchito, Canon kapena Nikon yakalekale ija ajambuli a maukwati anaisiya imakwana. Lenzi ya 18-55mm yomwe imabwera ndi kamera ndi poyambira pabwino. Mukapeza kangachepe gulani 50mm f/1.8, ndi lenzi yotsika mtengo kuposa zambiri koma imalowetsa kuwala kochuluka, kwa ine ndi yomwe imabweza ndalama yake msanga pa ntchito imeneyi. Tripod ikhale yolimba, yopepuka ija ya pulasitiki mwina muimangirire chigubu cha madzi pakati kuti isamagwedere. Kenako ka remote ka waya kapena intervalometer (ka remote kojambula kokha pa nthawi yomwe mwatchera), batire yachiwiri, memory card ya 32GB kupita m'mwamba, tepi yakuda ija ya amagetsi, ndi tochi yomwe mwaiphimba ndi pepala lofiira kapena kupaka kyutekisi wofiira pagalasi. Kuwala kofiira sikuononga maso omwe azolowera mdima, ndipo maso amatenga maminitsi 20 kapena kuposa kuti azolowere, mukangoyatsa foni ndi sikirini yowala mwayambiranso. Pa foni ikani Stellarium, pulogalamu yoonetsa pomwe nyenyezi zili, ilipo yaulere, ili ndi batani losandutsa sikirini kukhala yofiira.

Choyamba sankhani usiku, ndipo apa mdani wamkulu ndi mwezi kuposa mababu. Mwezi ukakhala wathunthu iwalani, kagoneni. Mufuna masiku omwe mwezi uli kumdima, tinene sabata imodzi usanafe ndi masiku angapo utangooneka kamwezi katsopano komwe kamalowa msanga. Mwezi umazungulira masiku 29 ndi theka, nde mwezi uliwonse muli ndi mpata wa masiku pafupifupi khumi, enawo ndi ophunzira kompyuta.

Nyengo yake ndi kuyambira Epulo mpaka Seputembala, yomwe mwamwayi ndi nthawi yopanda mvula. Kumapeto kwa Epulo pakati pa Mlalang'amba pamafika pamutu cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, pakati pa Meyi cha m'ma 2, mu Juni pakati pausiku, mu Julayi cha m'ma 10, mu Ogasiti cha m'ma 8 madzulo, mwezi uliwonse pamafulumira ndi maola awiri. Mukaona choncho muganiza kuti Ogasiti ndiye wabwino poti simuchezera, koma ayi. Pofika Ogasiti ndi Seputembala anthu ayamba kutentha tchire, fumbi nalo lachuluka, nde m'mwamba mumakhala utsi woti masana simuuona bwino koma usiku umagwira kuwala kwa tauni n'kukumwaza thambo lonse. Ine ndimakonda Meyi ndi Juni, mvula yangotha kumene mpweya uli woyera, ndipo pakati pausiku magalimoto achepa, mbaula zazima, mashopu ena azimitsa. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mukudziwa kale za chiperoni, chikabwera chimakhala masiku angapo ndipo palibe chomwe mungachite, koma usiku woyamba chitangochoka thambo limakhala lotsukika bwino, musauphonye. Kayesedwe kophweka ndi kuyang'ana phiri madzulo, Ndirande, Soche kaya Michiru, likamaoneka bwinobwino mpaka mitengo yake ndiye kuti usikuwo uli bho, likamaoneka mwa mbuu musavutike.

Chachiwiri ndi malo pakhomo panu pomwepo, ndipo yendani masana kukasankha. Pali kuwala kwa mitundu iwiri komwe kumavuta ndipo anthu amakusokoneza. Kwina ndi kuja kwa tauni yonse komwe kwayeretsa thambo, uko simungakuzimitse, tidzalimbana nako pa kompyuta. Kwina ndi babu la sekyulite la aneba kapena lanu lomwe likuwomba mwachindunji pagalasi la lenzi, ili ndiye loipa kwambiri chifukwa limapanga chifunga ndi timizere pachithunzi tomwe sitichoka olo mutani. Mwayi wake ndi woti ili ndi losavuta kuthana nalo. Imani pomwe mthunzi wa nyumba kapena wa mpanda ukugwera, tsitsani miyendo ya tripod kamera ikhale m'munsi mwa mpanda, ngati kukuwalabe yanikani bulangete lakuda pachingwe choyanikira zovala mbali yomwe kuli babu. Ikani hood, kachotchinga kuwala kovekedwa kutsogolo, pa lenzi, ngati mulibe pindani katoni yakuda mumange ndi labala, bola isaoneke m'makona a chithunzi. Mababu anu akunja zimitsani, makatani atsekedwe, ndipo muwauze apanyumba kuti asayatse la kubafa popanda kukuwa kaye.

Onaninso kuti pakati pa tauni pali mbali iti kuchokera kwanu. Ngati muli kumwera kwa tauni mwachita mwayi chifukwa zabwino zambiri zili kumwera ndipo kuwala kwa tauni mwakupatsa nsana. Ngati tauni ili kumwera kwanu dikirani mpaka zomwe mukufuna zikwere pamutu.

Aneba auzeni masana, izi musazitenge mwachibwana. Munthu waima panja 2 koloko usiku ndi kachitsulo ka miyendo itatu, katochi kofiira kakuyendayenda, mukudziwa nokha zomwe anthu angaganize, ndipo m'madera ena mphekesera za anamapopa zinapwetekesapo anthu osalakwa. Auzeni alonda, awonetseni chithunzi pa kamera, mawa lake ndi omwe azidzakuuzani kuti bwana lero kulibe mitambo. Aneba omwe mumamvana nawo apempheni azimitse babu limodzi lokhalo kwa ola limodzi, ambiri savuta mukawalonjeza chithunzi pa WhatsApp. Ndipo magetsi akazima dera lonse, ena onse akudandaula, inu tulutsani tripod msangamsanga chifukwa thambo limasintha moti simungakhulupirire, nchifukwa chake mabatire azikhala otchaja nthawi zonse. Valani juzi ndi buluku lalitali, Juni kumazizira komanso udzudzu sugona.

Chachitatu, kutchera kamera, chitani muli m'nyumba powala. Ikani pa M. Sankhani RAW, osati JPEG, chifukwa JPEG imataya kuwala kofooka komwe ifeyo tikukufuna. Zimitsani Long Exposure Noise Reduction, ikakhala yoyaka kamera imaima nthawi yofanana ndi yomwe yajambula, theka la usiku limathera kudikira. Zimitsani kabatani koletsa kugwedera pa lenzi, kolembedwa IS pa Canon kapena VR pa Nikon, pa tripod kamangosokoneza. Lenzi ikani pa MF, kuti fokasi muzipanga pamanja. White balance siivuta poti ndi RAW, koma ikani cha m'ma 4000K kuti pa sikirini pasamaoneke pofiira kwambiri. Chepetsani kuwala kwa sikirini, ikakhala yowala imakunamizani kuti chithunzi chatuluka bwino pomwe ndi chakuda. Aperture, kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, pa 18-55mm tsegulani yonse, f/3.5 pa 18mm. Pa 50mm musasiye pa f/1.8, nyenyezi za m'makona zimatuluka ndi timapiko, tsekani pang'ono ifike f/2.5 kapena f/2.8.

Fokasi ndi pomwe usiku wonse umafera, nde apa musathamange. Chizindikiro cha infinity (fokasi ya kutali kwenikweni) pa lenzi musachikhulupirire, malenzi ambiri amapitirira pamenepo, ena alibe n'komwe. Lozetsani kamera ku nyenyezi yowala kwambiri, nthawi imeneyi kumwera kuli Alpha Centauri, kapena Antares yofiirira ija ya mu Scorpius. Yatsani live view kuti muzionera pa sikirini, kwezani kaye ISO (nambala yowalitsa chithunzi) kuti muione, iikeni pakati, dinani batani la zoom mpaka 10x. Muona kampira kotuwa. Tembenuzani fokasi pang'onopang'ono, kampira kazichepa, kachepe, kenako kayambanso kukula, ndiye bwererani mpaka pomwe kanali kakang'ono zedi. Chizindikiro china ndi choti mukafika penipeni tinyenyezi tina tofooka timatulukira mwadzidzidzi pambali pake. Mukapeza matani tepi pa ring ya fokasi ndi ya zoom yomwe, mosamala kuti musasunthe. Jambulani chimodzi choyesera, chikulitseni pa sikirini muone ngati nyenyezi zili timadontho. Pakatha ola yang'ananinso chifukwa kukamazizira fokasi imatha kusuntha yokha pang'ono.

Tsopano nthawi yotsegula shutter. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, nde kamera ikakhala chilili pa tripod nyenyezi zimayenda ndipo mukatsegula nthawi yaitali zimakhala timizere. Pali lamulo lakale loti 500 mugawe ndi kutalika kwa lenzi. Makamera ambiri athu ndi a sensa yaing'ono, nde muyambe mwachulukitsa ndi 1.6 pa Canon kapena 1.5 pa Nikon ndi Sony. Pa 18mm zikupatsani pafupifupi 29, ndiye 500 kugawa 29 ndi masekondi 17. Koma lamuloli ndi la nthawi ya filimu, pa kamera ya 24 megapixel masekondi 17 timizere timaoneka ndithu. Gwiritsani 300 m'malo mwa 500, mupeza masekondi 10 pa 18mm ndi masekondi 4 pa 50mm. Mukaloza ku Southern Cross, nyenyezi za kumwera zooneka ngati mtanda, mutha kuwonjezerako chifukwa nyenyezi za kufupi ndi kumwera kwenikweni zimayenda pang'onopang'ono, pamenepo ndi pafupifupi theka la liwiro la za ku Orion.

ISO yambirani pa 1600. Kumudzi kwamdima anthu amafika 3200 kapena 6400, koma mtauni thambo ndi lowala kale nde mukakweza kwambiri chithunzi chimangoyera. Osaweruza ndi maso, dinani INFO kapena DISP muone histogram, kagirafu kokhala ndi kaphiri kaja. Kaphiri kameneko ndi kuwala kwa thambo, ndipo mukufuna kachoke kukhoma la kumanzere kaime cha pa kota kapena gawo limodzi mwa atatu. Kakamatirira kumanzere kwezani ISO, kakadutsa pakati tsitsani ifike 800. Chithunzi chimodzicho chizioneka chonyansa, chotuwa kapena chofiirira, Mlalang'amba ukungooneka mwa apo ndi apo mwinanso osaoneka. Musakhumudwe, ndi mmene zimakhalira, ndipo musafufute.

Chachinayi ndi kujambula kwenikweniko. Pezani Scorpius, mchira wake wopindika suvuta kuuona olo mtauni, pakati pa Mlalang'amba pali chakumpoto chakum'mawa pang'ono kwa nsonga ya mchirawo kulowera ku Sagittarius. Ikani malo amenewo pakati pa chithunzi koma muwasiyire mpata mbali yomwe akulowera, nyenyezi zimapita kumadzulo. Poyamba ndikulangizani mujambule thambo lokhalokha popanda mtengo kapena denga, kuphatikiza kwake kumaphweka. Ikani kamera pa continuous, tsekani batani la remote lizijambula lokha, kapena tcherani intervalometer isiye sekondi imodzi kapena ziwiri pakati. Makamera ena amaima okha akafika zithunzi 100, nde muzimvetsera kulira kwa shutter. Mukatero chokanipo, osayendayenda pafupi, osagwira tripod.

Zingati? Zambiri momwe mungathere, ndipo chifukwa chake ndi masamu. Chithunzi chilichonse chili ndi noise, timadontho tosokoneza tija, ndipo timadontho timeneti timagwa malo osiyanasiyana pa chithunzi chilichonse pomwe nyenyezi ndi mitambo ya Mlalang'amba zimakhala pomwepo. Mukaphatikiza, zenizeni zimalimba, noise imafafanizika. Koma siyitsika molingana ndi chiwerengero ayi, zithunzi 4 zimaichepetsa ndi theka, 16 ifika pa kota, 100 ifika pa gawo limodzi mwa khumi. Ndipo kuwala kwa tauni kumabwera ndi noise yakeyake, mukadzachotsa kuwalako pa kompyuta noise ija imatsala, nchifukwa chake wa mtauni amafunika nthawi yochuluka kuposa wa ku Nyika kapena pa Zomba Plateau kuti apeze chithunzi chofanana. Tinene kuti maminitsi 30 onse pamodzi ndiye poyambira, ola limodzi ndi bwino kwambiri. Maminitsi 30 pa masekondi 10 ndi zithunzi 180, pa masekondi 4 ndi 450, ndipo RAW imodzi imadya cha m'ma 25MB, werengerani nokha kuti khadi lanu likwana.

Popeza thambo likuyenda muyenera kumabwezera kamera. Pa 18mm mutha kusiya maminitsi 20 musanakhudze, pa 50mm maminitsi 10 aliwonse imitsani, sunthani pang'ono kuti nyenyezi yomwe munaiika pakati ibwerere, pitirizani. Sikofunika ibwerere ndendende, pulogalamu idzalunzanitsa. Pomwe mukusunthapo unikani galasi la lenzi ndi katochi kofiira cham'mbali muone mame. Juni ndi Julayi mame amagwa kwambiri makamaka kamera ikaloza pamutu, ndipo sachenjeza, mumangoona nyenyezi zayamba kutupa ndi kuzimirira. Hood imathandizako. Mankhwala enieni ndi kalamba kotenthetsa ka USB komwe mumakulunga pa lenzi n'kulumikiza ku power bank, kavekeni musanapange fokasi. Mame akagwa kale kupukuta sikuthandiza, amabweranso pompo ndipo mumasuntha fokasi.

Musanalongedze pali tizithunzi tina tomwe anthu amachita nato ulesi. Vindikirani lenzi ndi chivindikiro chake, osasintha ISO kapena masekondi, jambulani 20 muli panja pomwepo kuti kuzizira kukhale komweko, awa ndi ma dark, amachotsa timadontho tofiira ndi tobiriwira ta sensa. Kenako ma flat, ndipo kwa ife a mtauni awa ndi ofunika kuposa ma dark. Lenzi iliyonse imadetsa m'makona, nde thambo likakhala lowala kudetsako kumaoneka kwambiri mukayamba kukoka chithunzi, pakati pamayera m'mbali muli bii. Tengani tisheti yoyera, ikungeni pakamwa pa lenzi ndi labala popanda makwinya, tsegulani tsamba loyera pa laputopu kapena tabuleti muyandikize, fokasi, zoom ndi aperture zikhale zomwe zija osakhudza, ikani pa Av kapena A kuti kamera isankhe yokha liwiro, kaphiri ka histogram kakhale pakati, jambulani 20 kapena 30. Ngati mudzagwiritsa pulogalamu yophatikizira zithunzi ya Siril onjezerani ma bias, chivindikiro chili pompo, shutter pa liwiro lothamanga kwambiri lomwe kamera ili nalo, 30 zimatha mu miniti imodzi.

Chachisanu ndi pa kompyuta, mawa lake mutagona. Yambani mwayang'ana zithunzi mwachangu n'kutaya zomwe munadutsa mtambo, zomwe tripod inagwedezeka ndi zomwe wina anayatsa babu. Za timizere ta ndege ndi masetilaiti musataye, masiku ano ndi Starlink timizere tachuluka makamaka kukangoda ndi m'bandakucha, koma pulogalamu imatha kutichotsa.

Woyamba kumene ayambe ndi Sequator, ndi yaulere, ya pa Windows, yopepuka moti laputopu yakale imakwanitsa. Zithunzi zanu ikani pa Star images, ma dark pa Noise images, ma flat pa Vignetting images, chithunzi chapakati pa mndandanda chikhale Base image. Pa Composition sankhani Align stars ndi Select best pixels, iyi ndi yomwe imachotsa timizere ta masetilaiti. Yatsani Reduce distortion effects ngati munagwiritsa lenzi yotambalala. Ili ndi batani la Reduce light pollution, liyeseni koma osalikweza kwambiri chifukwa limadya ndi Mlalang'amba womwe. Ngati munaikamo mtengo kapena denga sankhani Freeze ground mupente mbali ya thambo. Sungani ngati TIFF ya 16 bit. DeepSkyStacker nayo ndi yaulere ndipo imagwira ntchito yomweyo. Siril ndiye yamphamvu kuposa zonsezi ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, koma imafuna mafoda anayi olembedwa lights, darks, flats ndi biases, kenako mumayendetsa script ya OSC_Preprocessing, ndipo imadya malo ambiri pa disiki nde yambani mwapeza mpata wa ma GB ochuluka.

Chotuluka apo chimakhala chofiirira ngati madzi a mu mtsinje wa Mudi nthawi ya mvula, mbali ina kowala mbali ina kwakuda, ndipo apa ndi pomwe timachotsa tauni. Mu Siril pali Background Extraction, kapena tsitsani GraXpert, yaulere, ntchito yake ndi yomweyi basi. Pulogalamu imayeza kuwala kwa thambo m'malo osiyanasiyana n'kupanga mapu a kuwala kwa tauni kenako n'kuchotsera. Chenjezo lake, timabokosi toyezera musatiike pamwamba pa Mlalang'amba, pulogalamu idzaganiza kuti nawo ndi kuwala kwa mababu n'kuuchotsa, ikani m'mbali momwe muli mdima. Pa chithunzi chotambalala gwiritsani timabokosi tochepa komanso kuwongola kofewa, ndi bwino kutsale kuwala pang'ono kusiyana ndi kukumba maenje akuda.

Mukatero dulani m'mbali momwe zithunzi sizinakumane bwino, konzani mtundu kuti thambo lisakhale lofiira kapena lobiriwira, mu Siril muli Remove Green Noise komanso Photometric Color Calibration yomwe imafuna intaneti. Ndiye kukoka, kutanthauza kuwalitsa zofooka kuti zioneke, mu Siril kapena pulogalamu ya GIMP ndi Levels ndi Curves. Sunthani kachizindikiro kapakati kulowera kumanzere pang'ono, vomerezani, bweretsani kakumanzere mpaka kuyandikira phazi la kaphiri koma osaliluma, bwerezani kangapo. Apa ndi pomwe mizere yakuda ya fumbi la m'mlengalenga imayamba kutuluka pakati pa nyenyezi, kenako kadontho kapinki ka Lagoon Nebula, mtambo wa mpweya wowala wa cha ku Sagittarius, kuwala komwe kwina kwachokera kutali zaka masauzande, pakati penipeni pa Mlalang'amba ndi zaka pafupifupi 26,000 pa liwiro la kuwala. Thambo musalidetse kufika bii, lisiyeni lotuwa modera, ndipo saturation muigwire dzanja. Zithunzi zambiri za oyamba zimaonongeka apa, papo ndi buluu mbwee, nyenyezi zonse zoyera mofanana pomwe Antares imayenera kuoneka yofiirira.

Za mafyuluta oletsa kuwala kwa tauni, ine ndinganene kuti sungani ndalama zanu. Anapangidwira mababu a mumsewu achikasu aja a sodium omwe kuwala kwawo ndi kwa mtundu umodzi wosavuta kutchinga. Pano pafupifupi aliyense waika LED yoyera, ya magetsi kaya ya sola, ndipo LED imawala mitundu yonse, nde fyuluta ikatchinga LED yatchinganso nyenyezi.

Chomwe chingasinthe zinthu mukazolowera ndi star tracker, kamakina kokhala pakati pa tripod ndi kamera komwe kamazungulira motsatira thambo, monga Sky-Watcher Star Adventurer, iOptron SkyGuider Pro kapena Move Shoot Move kakang'ono kaja. Ndi iko 50mm imachoka pa masekondi 4 kufika 30 kapena 60, ISO imatsika, zithunzi zimachepa ndipo simubwezeranso kamera. Koma apa mavidiyo ambiri akusocheretsani, amati lozetsani ku Polaris, nyenyezi ya kumpoto, pomwe Polaris kuno siioneka, ili pansi pa dziko. Ife timaloza kumwera kwenikweni kwa thambo, ndipo kulibe nyenyezi yowala, yomwe ilipo ndi Sigma Octantis yofooka moti mtauni simungaione ndi maso. Kuwonjezera apo malowo ali m'munsi kwambiri, kutalika kwake kumafanana ndi latitude ya komwe muli, Blantyre pafupifupi madigiri 16, Lilongwe 14, Mzuzu 11 ndi theka, a ku Johannesburg 26. Chibakera chimodzi mutatambasula mkono ndi madigiri 10, nde kwa ife ndi chibakera chimodzi ndi theka kuchokera pansi, nthawi zambiri kuseri kwa mpanda kapena mtengo wa mango wa aneba.

Musataye mtima, pa lenzi zotambalala kuloza kwa pafupifupi kumakwana. Wongolani tripod ikhale level, tcherani ka wedge, kopendeketsera tracker, pa madigiri a tauni yanu, ndiye pezani kumwera. Tengani Southern Cross, tsatirani mzere wake wautali kuchokera kumutu kudutsa kuphazi, muupitirize kanayi ndi theka kutalika kwa mtandawo, pomwe mwafikapo ndi pamenepo. Kampasi ya pa foni imathandiza koma iikeni pa true north ndipo muime patali ndi geti lachitsulo, malata ndi tracker yomwe, zitsulo zimainamiza. Kabatani ka N ndi S kakhale pa S, kakakhala pa N makina amazungulira chobwerera ndipo timizere timatalika kawiri. Jambulani masekondi 30 muone, nyenyezi zikakhala timadontho yesani 60, zikakoka sunthani pang'ono kumanja kapena kumanzere muyesenso. Mukapeza pabwino lembani ndi penti pomwe miyendo itatu ya tripod yaponda pasimenti, usiku wina muzingoika. Mtauni kupitirira masekondi 60 kulibe phindu kwenikweni poti thambo limayera msanga.

Mlalang'amba wapakati ukakukwanani, tembenuzani 50mm kumwera madzulo a Epulo mpaka Juni. Southern Cross imakwera madigiri oposa 40, pambali pake pali chigamba chakuda cha Coalsack, chakumadzulo kwake kuli Carina Nebula yomwe ndi yowala moti imatuluka yapinki olo pa kamera wamba mtauni, ndipo Omega Centauri imaoneka kampira ka nyenyezi chakumtunda. Nthawi ya mvula mukapeza usiku woyera, Disembala mpaka Febuluwale, Orion amakhala m'mwamba ndi nyenyezi zitatu zija za Akamwiniatsatana, Orion Nebula ili pafupi pomwepo, koma pamenepo masekondi achepetseni chifukwa ndi pomwe nyenyezi zimathamanga kwambiri.

Amene muli ndi foni yokha, njira ndi yomweyi. Google Pixel ili ndi astrophotography mode yomwe imadziyatsa mu Night Sight foni ikakhala chete pa tripod ndipo imaphatikiza yokha kwa maminitsi pafupifupi anayi, ma Samsung ena ali ndi Expert RAW. Mafoni ena yang'anani Pro mode, ikani fokasi pamanja kumapeto kwa kutali, ISO 800 kapena 1600, masekondi 10 mpaka 15, RAW ngati ilipo, timer ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze. Popanda tripod igonekeni chagada pa njerwa kamera yakumbuyo italoza kumwamba, mu Juni pakati pausiku kapena Julayi cha m'ma 10 Mlalang'amba umakhala pomwepo, jambulani 30 kapena 40 mukaziponye mu Sequator.